Bwanamkubwa pa Chishalo cha Azimayi

Nyumba ya Bwanamkubwa,
Chilumba cha St. Ebba,
Juni, 1861.

Okondedwa Achemwali anga Lavinia,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, ngakhale ndikudziwa kale yankho lake. Chiyambire ubwana wathu inu mumakhala muli bwino nthawi zonse, odwala amakhala ena. Chifuwa chimene munangochitchula modutsa m'kalata yanu ija chinatha? Musandinamize. Kuno ine ndilipo, kudya ndikudya, kukalipa ndikukalipa. Chiuno chokha ndicho chikupitiriza mwano wake.

Jamu munatumiza uja anafika. Mabotolo ena anaswekera m'njira, koma otsalawo ndikudya ndekha mobisa, alendo ndikuwapatsa wa kuno.

Ndalemba mothamanga chifukwa sitima imene itenge kalatayi yanyamulanso mbiri yanga, ndipo ndikufuna muimve kwa ine musanaimve kwa azimayi a kutchalitchi. Nkhani zake ndi ziwiri. Yoyamba, sindibwera kumudzi chaka chino monga ndinalonjezera. Yachiwiri, mlongo wanu wasekedwa ndi asilikali ake pabwalo la perete dzuwa likuswa mtengo, ndipo anachita kuziputa yekha. Khalani pansi ndikufotokozereni bwinobwino.

Ndinakulemberanipo za nyumba za asilikali kuno. Amene anazimanga ankangoganiza za sitima za adani, ndiye anaziika pafupi ndi doko, m'mphepete mwa dambo lonunkha. Mdaniyo mpaka lero sanabwere. Amene amabwera chaka ndi chaka mvula ikayamba ndi malungo, ndipo manda athu tawakuzapo kale mpanda. Anyamata ake ndi ochokera m'mafamu ngati a kwathu konko, ena ndevu zisanamere n'komwe, akufa osawombako mfuti ngakhale kamodzi. Kunkhondo ndaona anthu ambiri akufa, koma kumeneko ndinkatha kuwauza amayi awo chimene ana awo anafera. Kunoku ndimasowa chowauza.

Ndinalimbana ndi akuluakulu a boma a ku London zaka zambiri mpaka anandilola monyinyirika kumanga nyumba zatsopano pamwamba pa phiri, pamene pali mphepo ndi madzi abwino. Akumanga ndi asilikali omwewo. Makoma afika pa mawindo, denga ndiye likadalibe. Koma wachiwiri wanga kuno, amene angagwirizire mpando ine nditachoka, amanena poyera kuti msilikali malo ake ndi pafupi ndi mizinga, ndipo kuti tsiku limene ine ndidzakwere sitima ntchitoyo idzaima. Akulu ambiri ku London akugwirizana naye. Ndikachoka denga lisanakwere, makomawo adzasanduka khola la mbuzi, ndipo anyamata adzagonanso kudambo dzinja likubwerali.

Tsono m'mwezi wa Epulo ndinagwa pa hatchi. Sindinagwe ikuthamanga ayi, zikanakhalako zaulemu. Ndinagwa itangoima phee pakhomo pa khola. Chipolopolo chija chimene ndinachitenga powoloka mtsinje ku India chaumitsa fupa la m'chiuno moti miyendo sikuthekanso kuitangadza. Nditangoti ndiponye mwendo kuseri kwa hatchi, maso anachita mdima, n'kupezeka ndili chagada pa ndowe. Sajeni Pugh, wosamalira mahatchi anga amene ndayenda naye kuchokera ku India komweko, anandidzutsa n'kumandisasa msana uku akuuza antchito kuti Bwana amayendera ukhondo wa pansi. Bodza lakelo silinathandize. Nkhani inawoloka nyanja, ndipo a ku London anatumiza a Merivale, mkulu wa asilikali wa ku likulu, kuti adzaone ngati nkhalambayi ikuyenerabe udindo. Anawerengera bwino kuti afike pa perete wa tsiku lobadwa Mfumukazi.

Mwambo wathu mukuudziwa, poti munakulira m'nyumba imodzi ndi zithunzi za agogo athu onse ali pamahatchi. Mkulu wa asilikali amalandira ulemu wa tsiku limenelo ali pa hatchi. Akaulandira ali m'ngolo kapena pampando, palibe amene amanena kanthu, amangoyamba kumukonzera phwando lotsanzikana.

Achemwali, ine ndinalowa usilikali ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Achimwene Ranulph anapatsidwa nyumba, minda ndi dzina la abambo, ine ndinapatsidwa lupanga ndi jekete yofiira imene manja ake ankandipitirira zala. Inu ndi amene munaipinda, muli kulira. Ndinanyamula mbendera polimbana ndi Afalansa, ndinazizidwa ku Canada mpaka zikhadabo zinasupuka, ku India mahatchi anawomberedwa ndili pamsana pawo. Monsemo chimene ndinali nacho changachanga chinali chakuti anthu akandiona pa hatchi amaongoka. Ndiye musadabwe kuti nditagwa paja ndinakhala masiku osafuna kuonana ndi munthu.

Tinayesa zonse. Pugh anafuna kundimangirira ndi malamba, koma vuto silinali kugwa, linali kukhala. Tinayesa kahatchi kakang'ono ka abusa a mpingo, mapazi anga n'kumakhula pansi, ululu uli chimodzimodzi. A dokotala Kinnear anandipatsa mankhwala oletsa ululu, ndipo ndinakweradi, koma ndinayamba kupereka sawatcha kwa mitengo. Pamapeto pake dokotalayo, amene sadziwa kukometsa mawu, anandiuza kuti ndisiye kuuma mutu, ndipite kwathu ndikakhale pamoto, fupa silimva malamulo a asilikali.

Nzeru inachokera kwa akazi awo. Tinali kumwa tiyi kunyumba kwawo pamene mayi Kinnear anandifunsa kuti kodi chimapweteka ndi chiyani kwenikweni, kugwedezeka kapena kutangadza. Ndinati kutangadza. Iwo anati ndiye vuto palibe, poti iwo akhala akukwera hatchi moyo wawo wonse osatangadzapo. Anati ndibwereke chishalo chawo, chokhala chammbali, miyendo yonse kumanzere. Ndinawayang'ana kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka, ankapaka batala pa buledi. Ndinapsa mtima, n'kuwauza kuti akanakhala mwamuna tikanakambirana nkhaniyi panja. Iwo anati, “Ndikanakhala mwamuna bwenzi tonse tikuyenda pansi, bwana. Tiyi wina?” Ndinachoka osatsanzika bwino.

Sabata yomweyo tinaika maliro a msilikali wina, kopolo, dzina lake Doyle. Malungo chaka chino sanadikire n'komwe mvula. Nditamaliza za mwambo, mkazi wake anabwera pamaso panga, mwana ali m'manja, n'kundifunsa kuti kuphiri tikwera liti. Ndinati mvula isanagwe. Anandiyang'ana osaphethira n'kunena kuti mwamuna wakenso anauzidwa chomwecho chaka chatha, ndipo anakhulupirira mpaka ankanyamula miyala Lamulungu lomwe. Sanalire, sanatukwane, anangotembenuka n'kumapita. Ndinachita manyazi kwambiri, Achemwali, oposa amene ndinkawaopa aja. Pobwerera ndinaimitsa ngolo kwa a Kinnear n'kupempha chishalo.

Maphunziro tinkachitira kuseri kwa khola m'mamawa, zipata zitatsekedwa. Ndalamulidwapo ndi akuluakulu aukali, koma wofanana ndi mayi Kinnear sindinamuone. “Phewa lamanja kumbuyo! Mukuyang'ana kuti? Hatchi ikupita kutsogolo, inu mukupita kunyanja?” Bondo lamanja limakolekedwa pa kanyanga ka pachishalo kaja, lamanzere limalowa pansi pa kanyanga kenako, ndipo poti kumanja kulibe mwendo, hatchi umailankhula ndi kandodo. Izi zonse inu mumazidziwa, ndikungofuna mudziwe kuti tsopano nanenso ndikuzidziwa. Lupanga linkakodwa m'miyendo mpaka Pugh analisunthira kumbuyo. Koma ululu panalibe. Tsiku loyamba limene hatchi inayamba kuthamanga nane ndinamva mphepo kumaso, misozi n'kulengeza, ndinanamizira fumbi.

Pugh ndiye anali ngati ali pamaliro. Ankamanga chishalocho atayang'ana kumbali, uku akung'ung'udza kuti wanditsata m'moto ndi m'madzi, koma sankadziwa kuti adzamaliza ntchito ali wantchito wa dona. Tsiku la perete litayandikira anabwera ndi chijasi chachikulu choti chiphimbe miyendo, ati anthu aziganiza kuti ndikumva kuzizira. Ndinamufunsa kuti nanga kumanja akaona kulibe mwendo aziganiza kuti wapita kuti. Anati, “Tidzapachikako nsapato, bwana, tiikemo udzu.” Ndinaseka koyamba m'miyezi iwiri, koma ndinakana. Mphepo ya pachilumba pano imaulutsa ndi zipewa zomwe, ndipo munthu wogwidwa akubisa amasekedwa kawiri.

Tsikulo linafika. Asilikali anandanda pabwalo, majekete ofiira, mabatani akuwala. Kumbali kunali amalonda a padoko ndi akazi awo, abusa, oweruza, ndi a Merivale pa hatchi yobwereka, ataongoka bwino, munthu wooneka kuti sanatulukepo thukuta. Ine ndinatulukira pachipata nditavala zonse, chipewa cha nthenga, mamendulo pachifuwa, miyendo yonse ili mbali imodzi.

Poyamba kunali zii. Kenako kumzere wakumbuyo wina analephera kudzigwira, anafwenthera m'mphuno. Basi zinafalikira. Mapewa ankagwedezeka mzere wonse, mfuti zikuvina, woimba lipenga anachita kulichotsa pakamwa. Kwa anthu wamba ndiye kunali chikhakhali chenicheni, ndipo mawu ena anachokera kumeneko akufunsa kuti kodi siketi ndaiiwala kunyumba. Sindikubisirani, zinandipweteka. Zaka zonsezi ndatukwanidwapo, ndadedwapo, ndawomberedwa, koma kusekedwa ndinali ndisanakulawe. Makutu anatentha, ndipo mtima wina unkati nditembenuze hatchi ndikalowe m'nyumba.

Masajeni anayamba kukalipa, koma ndinakweza dzanja kuti awaleke. Ndinayendetsa hatchi mpaka pakati pa bwalo n'kuwauza kuti, “Sekani mumalize, ana inu, musadzaphulike nazo pamaso pa mlendo. Chishalochi ndi cha mayi Kinnear, chiuno ndi changa, denga ndi lanu. Mukatha kuseka tiyambe ntchito ya Mfumukazi.” Anasekanso pang'ono, koma kuseka kwake kunali kwina. Kenako anaongoka.

Ndinayendera mizere yonse, mmodzimmodzi, osafulumira. Ndinapeza batani losapukuta ndipo mwini wake ndinamukalipira monga mwa nthawi zonse. Mzinga woyamba utalira hatchi yanga inadzidzimuka n'kuima ndi miyendo yakumbuyo, chifukwa sinamve mwendo umene inazolowera kumanja. Ndinamva azimayi akukuwa. Koma tinyanga tija timagwira munthu, Achemwali, bwanji simunatiuze? Ndinatsika nayo bwinobwino, chipewa chili pamutu, n'kulandira ulemu mpaka gulu lomaliza litadutsa. Ponditsitsa Pugh anangopukuta chishalocho ndi mkono wa jekete yake.

Titadya chamasana a Merivale anapempha kuti tilankhule awiri. Si munthu woipa, ndipo abambo awo anali nafe ku Canada. Anati perete ndamutha, zimenezo sangakane, koma nkhani ya chishalo ikafika ku London sadzandisiya paudindo, chifukwa akuluakulu amakhululukira munthu wogonja pankhondo koma osati wosekedwa. Ndiye anandipatsa njira. Anati ndilembe ndekha kuti ndikupuma chifukwa cha bala la kunkhondo, ndikwere nawo sitima yomweyi, ndipo iwo za chishalozo sadzazilemba. Anati ndikatero ndikalandiridwa ndi ulemu wonse, ndikapatsidwa mendulo imene anzanga onse a msinkhu wanga ali nayo kale, ndipo dzina langa lidzalembedwa pakhoma la tchalitchi chathu pafupi ndi la agogo popanda womwetulira powerenga.

Ndinaganiza za kwathu, za msewu wa mitengo uja, za inu mutakhala pawindo ndi nsalu yanu yosoka. Ndatopa, Achemwali, ndipo kwathu ndakulakalaka kwambiri. Mendulo imeneyonso ndisaname, ndakhala ndikuifuna.

Ndinawafunsa kuti ndikakana chichitike n'chiyani. Anati alemba zonse monga anazionera, a ku London akhala pansi, akangana, asankha munthu wina, n'kumutumiza kuti adzandichotse. Ndinafunsa kuti zimenezo zingatenge nthawi yaitali bwanji. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti, powadziwa mmene amagwirira ntchito, mvula idzakhala itayamba. Ndinati ndiye alembe zonse, asasiyeko kanthu, alembenso kuti ndinakhala bwino kuposa iwo. Anandifunsa ngati ndikumvetsa kuti zaka zonse za ntchito yanga anthu adzaziiwala n'kumakumbukira tsiku limodzi lomweli. Ndinati ndikumvetsa, ndipo ndinawapempha kuti asananyamuke akwere nane kuphiri akaone makoma. Anakwera, ine kutsogolo chammbali, iwo pambuyo. Pobwerera tinadzera kumanda. Pachipata anandigwira chanza nthawi yaitali.

Ndiye zinthu zili chomwechi. Ndichotsedwa, zimenezo n'zosakayikitsa, ndipo sipadzakhala ng'oma kapena malipenga. Koma wondichotsayo akadzafika adzapeza anyamata akugona kuphiri, ndipo sindikhulupirira kuti alipo munthu amene angawalamule kutsikiranso kudambo iwo ataona kusiyana kwake. Mitengo ya denga yafika padoko. Ndagawa asilikali m'magulu, ena kusenza, ena kukhoma, oimba ng'oma omwe akuponda dothi. Ine ndimakhala komweko kuyambira m'mawa, chifukwa ndaona kuti khoma limakula msanga nkhalamba ikamaliyang'ana. Amanditcha dzina lina kumbali, Pugh akukana kundiuza, koma ndamva kuti likuyamba ndi “Agogo aakazi”. Miyala akunyamula, ndiye anditche chimene akufuna.

A dokotala Kinnear akuti kukwera phiri tsiku ndi tsiku kundifupikitsira masiku, ndipo dzinja lina kuno mtima wanga sungalipirire bwino. Ndakuuzani kuti musadzati ndinakubisirani. Musayambe kulemba makalata kwa anthu odziwika kuti andibweze, ndikukudziwani.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Chishalo cha mayi Kinnear n'chaching'ono, poti eni ake ndi ochepa thupi, ndipo chikunditupitsa bondo. Komanso ndawalanda miyendo, akulephera kuyendera odwala awo a kumapiri. Ngolo kumene tikumangako siifika. Nditumizireni chishalo chanu chachikulu chija munkapita nacho kosaka nkhandwe, ngati mbewa sizinachimalize. Wosoka zishalo wa m'tauni achione kaye, asinthe malamba ndi kuwonjezera ubweya pa kanyanga kakumtunda. Chikwere sitima yoyamba. Chidzafika msanga kuposa yankho la ku London, poti inu simuitanitsa msonkhano musanachite chinthu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Hector, muwauze kuti akhoza kuseka, koma asekere m'nyumba. Moni kwa ana anu onse ndi zidzukulu, makamaka kamtsikana kamene mukuti kamakana kutsika pa hatchi. Azakhali a Philippa muwauze pang'onopang'ono, atakhala pansi. Mukapita kutchalitchi mukaime pang'ono pamanda a mkazi wanga Cecily, iye akanaseka kuposa onse, kenako akanandisokera kansalu kofewa koika pabondo.

Achimwene Ranulph ndikudziwa kuti akwiya, adzati ndanyozetsa dzina la abambo, ndipo kumene amakumana ndi anzawo ku London adzasowa poyang'ana. Muwapatse moni wanga ndi wa ulemu, pamodzi ndi alamu. Musakangane nawo chifukwa cha ine. Mwina adzakuuzani kuti ngati chishalocho chiyenera kupita, chipite mobisa, m'dzina la mayi Kinnear. Pamenepo pokha musawamvere.

Pabokosipo mulembe ndi zilembo zikuluzikulu dzina langa lonse, udindo wanga wa usilikali ndi wa Bwanamkubwa, ndipo pansi pake mulembe chimene chili m'katimo. Onyamula katundu padoko awerenge, asadzavutike n'kunong'onezana. Ndidzapita ndekha kukachilandira, ndipo ndidzachokera komweko kulunjika kuphiri.

Mulungu akusungeni, Achemwali, mpaka ndidzabwere ntchito itatha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Everard Hallamby